Apongozi Anga Anayankha Kuti Eya

1

Ntchito yanga ndi yojambula, koma musandiitane pa ukwati wanu, ine ndimajambula mafupa. Dzina langa ndi Hudson Makwinja, kwathu ndi ku Balaka, ndipo ndimagwira ntchito m'chipinda cha ekisireyi pa chipatala china mu Mzuzu muno. Dzina la chipatalacho sinditchula chifukwa ntchito ndikuifunabe.

Sukulu ndinaiphunzira movutikira. Masana ndinkakolopa m'mawodi, madzulo n'kuthamangira sukulu ya usiku, mpaka ndinakhoza Fomu 4 ndili ndi ndevu kale. Munthu wotero akaphunzira lamulo amaligwira ndi manja awiri. Lamulo limene anatikhomerera kukoleji ndi lakuti mayi aliyense wa msinkhu wobereka, usanamujambule m'chiuno kapena pamimba, umufunse kaye ngati ali woyembekezera, chifukwa cheza cha makina athu si chabwino kwa mwana wosabadwa. Ndafunsapo asisitere, iwo anangoseka. Ndafunsapo wapolisi wamkazi, anatsala pang'ono kunditsekera. Koma sindinalumphepo munthu.

Nthawi imene nkhaniyi inkachitika n'kuti ndili pa chitomero ndi Wezi Longwe wa ku Ching'ambo, mu Mzuzu momwemuno, tsiku la ukwati litadziwika kale. Mayi ake, a NyaManda, anali a ku Nkhata Bay, amasiye, zaka zitangopitirira makumi anayi, komanso mtsogoleri wa amayi kumpingo. Akavala bulauzi yoyera ndi duku, ngakhale oledzera a m'njira ankawongola mayendedwe. Mwambo wa kuno sulola mkamwini kuyandikira apongozi. Ndikapita kwawo ndinkanjuta pansi pa mtengo wa gwafa, iwo ali pakhonde, n'kumapereka moni kwa nsapato zanga. Mawu awo ndinkawadziwa bwino kuposa nkhope yawo.

Poti ndine wobwera, ndinkafunika thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri pa nkhani za ukwati. Anadzipereka okha ndi eni nyumba imene ndinkachita lendi ku Zolozolo, a Percy Msiska, mkulu wa mpingo, bambo woferedwa mkazi, mwini njinga yamoto yofiira. Sindinaonepo thenga wakhama ngati ameneyu. Sabata sinkatha asanapite ku Ching'ambo.

“Anthu a kunyanja ndi ovuta chomene, mwana wanga,” ankatero akupukuta nsapato. “Nkhani izi zimafuna kupitapita.”

Zonse zitatheka, tsiku litaikidwa, iwo ankapitabe. Ankati akukatsimikiza. Ankachoka akununkhira, n'kubwerako akuimba mluzu. Ine ndinkathokoza Mulungu pondipatsa mkulu wodzipereka chotero.

2

Linali Lolemba la kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu, kosanyowetsa malaya koma kolowa m'mafupa. Mnzanga Sharon, amene amajambula amayi akakhalapo, anali ku msonkhano kunyanja. Mutu wa msonkhanowo unali wa momwe tingachepetsere kujomba pa ntchito. Choncho ndinali ndekha, mabenchi atadzaza mpaka pakona.

Ndinaitana wotsatira. Analowa akutsimphina, atagwira khoma. Nditadzutsa mutu, mawondo anafuna kunjuta okha. Anali a NyaManda.

Dokotala anali atalemba kuti agwa pa njinga ndipo ndiwajambule chiuno chakumanzere. Iwo anati inali sakramento, njinga za kabaza zija timakwera kuno. Sindinafunse zambiri. Ndinabwerera chambuyo mpaka pakhomo. Kudzitsekera m'chipinda ndi apongozi sindikanatha, ndiye chitseko ndinachisiya pang'ono chotsegula. Kuwayandikira sindikanathanso. Makina oziziritsa m'chipindamo amalira ngati chigayo, choncho kuti andimve ndinayenera kukweza mawu. Mwaona mmene ulemu unandikonzera msampha.

“Amama, pepani chomene, ndi lamulo la ntchito. Kodi ndinu oyembekezera?”

Anadzutsa nkhope n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chiwadziwireni.

“Eya.”

Kumbuyo kwanga, pa mabenchi paja, anthu anali akutsokomola kuyambira m'mawa. Chifuwa chonse chinatha nthawi yomweyo.

Ndinawauza, maso ali pansi, kuti sindingawajambule, abwerere kwa dokotala akaone njira ina. Anamanga bwino chitenje n'kutuluka, mutu uli m'mwamba. Pa benchi yakutsogolo panali a NyaGondwe, wachiwiri wawo pa utsogoleri wa amayi, amene anabwera kudzajambulitsa chifuwa. Nditawaitana, malo awo anali opanda munthu. Sindinaonepo wodwala wochira msanga chotero.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera a Msiska, chigongono chakumanzere chitatupa.

“Ndaterereka m'bafa,” anatero.

Ndinaika kachilembo ka L kosonyeza kumanzere pambali, n'kujambula. Fupa linali bwinobwino. Koma m'mabala munali dothi lofiira, pamene bafa lathu ku Zolozolo ndi la simenti, ndimalikwecha ndine. Ndinangoti mumtima, mabafa ndi ambiri mu mzinda muno, ine ndine ndani kuti ndiweruze.

“Kwabwera odwala ambiri lero?” anafunsa akuvala jekete.

“Ambiri, adada.”

“Palibe chachilendo?”

“Mafupa okhaokha.”

3

Pomwe ndinkaweruka, nkhani inali itandipitirira kale. Wa sakramento amene anandinyamula anandiuza, osadziwa kuti wanyamula ndani, kuti makina a kuchipatala aonetsa mapasa m'mimba mwa mtsogoleri wa amayi. Mayi wogulitsa tomato pakona pathu anati si mapasa, ndi atatu, ndipo wojambulayo anakomoka. Pofika Lachitatu ena ankati chithunzicho achiona ndi maso awo pa foni. Chithunzi chimene sindinajambule.

Wezi anabwera Lachitatu lomwelo, osagogoda.

“Hudson, is it true? Unawafunsa chiyani amama?”

“Khala pansi kaye.”

“Sindikhala. Unawafunsa chiyani, ndipo anayankha chiyani?”

“Za wodwala sindinena, Wezi.”

“Wodwala! Ndi amama anga amene aja, si wodwala wako! Msika wonse ukudziwa, a sakramento akudziwa, koma ine wandisungira confidentiality?”

“Iwo akuti chiyani?”

“Sakuyankhula. Angodzitsekera m'chipinda. Amayi a kumpingo akubwera awiriawiri kudzazonda chiuno, koma maso onse ali pamimba. Mzimayi amene wakhala yekha chimwalirireni adada, iwe n'kukamufunsa zimenezo pagulu, ngati ukulengeza maliro?”

Ndinayesa kufotokoza za cheza, za lamulo, za chigayo cha m'chipinda muja. Sanandimvere. Anavula mphete ya chitomero, anayang'ana poiika, n'kuiponya m'mbale ya shuga.

“Ikhale mmenemo mpaka ukonze zimene wawononga. Loweruka akulu akukufuna.”

Atapita ndinakauza a Msiska, poti ndiwo thenga wanga. Ndinawapeza akuwongola chiwongolero cha njinga yawo, chimene chinali chitapindika sindikudziwa liti. Anamvetsera, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira.

“Zisiye m'manja mwanga,” anatero. “Ndaganizapo kale.”

4

Loweruka masana pabalaza la ku Ching'ambo panadzaza. Wotsogolera anali a Rodney Longwe, mkulu wawo wa malemu bambo a Wezi, munthu woyankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Pambali pawo panali mlongo wawo, a Gracious, amene Wezi amawatcha ankhazi. A NyaManda anakhala pa mphasa pakhomo la kuchipinda, nkhope atalozetsa kukhoma. Ine anandipatsa kampando ka mwana.

“A Makwinja,” anayamba a Longwe, “tinakupatsani mwana wathu, inu mwatibwezera manyazi. Dzina la m'bale wanga likutafunidwa pamodzi ndi chimanga chootcha m'misewu. Yankhani.”

Ndisanatsegule pakamwa, a Msiska anaimirira, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi.

“Monire mose. Adada, amama, pano palibe wolakwa. Wolakwa ndi Chichewa.”

Anthu anayang'anana.

“Ndifunse. Munthu ali pa depoti, basi sinabwere, pa Chichewa amati akutani? Akuyembekezera. Aphunzitsi mwezi ukatha amatani? Amayembekezera. Ife a ku Zolozolo msewu wathu takhala tikuuyembekezera chibadwire. Kodi tonsefe tili ndi pakati?”

Wina anaseka kukhitchini.

“Amama awa anakhala pa benchi kuyambira m'mawa, chiuno chikuwawa. Mnyamata akutuluka n'kufunsa, kodi ndinu oyembekezera? Munthu wa ku Nkhata Bay ayankhe kuti chiyani? Eya, ndayembekezera mokwanira! Mnyamatayu wamva za kwawo ku Balaka, amama anena za pa benchi. Basi, nkhani yonse ndi imeneyi.”

Nyumba inaphulika. A Longwe anaseka mpaka kuvula magalasi.

“Nadi, zoonadi! Chinenero chosauka ichi. Liwu limodzi kugwira ntchito ziwiri ngati mphunzitsi wa kumudzi!”

Wezi anandiyang'ana, milomo ikufuna kumwetulira. Kunena zoona, inenso ndinafuna kukhulupirira. Zinali zomveka, zinali zaulemu, ndipo zinkandibwezera mkazi. Koma ndinkakumbukira maso aja. Munthu wodandaula za mzere sayang'ana motero.

“Pepani akuluakulu,” ndinatero, “kuti mitima ikhale pansi, pali kuyeza kwina kosavuta ku labu. Amangofuna mkodzo pang'ono.”

Kuseka kunazima.

“Mkodzo wa apongozi ako?” anakuwa a Longwe. “Iwe mnyamata, kwanu kulibe akulu?”

Amene anakonza zinthu ndi a Gracious, ndipo anazikonza mpaka kuziwononga.

“Zoyeza ndi chipongwe, tisazitchulenso. Koma chiuno chikuwawabe, eti? Iyeyu anakana kujambula poganiza kuti muli mwana. Ndiye Lolemba akajambule, ife tilipo. Timuitanenso NyaGondwe adzaone yekha. Chithunzi chikatuluka, pakamwa pa anthu patsekeka, ukwati ulipo. Akakananso, ndiye kuti akunenetsa kuti mlamu wanga ali ndi pakati, ndipo munthu wotero sangalowe m'banja lino.”

“Mwina sizikufunikanso zimenezo,” anatero a Msiska, mawu atachepa. “Poti tamvana kale.”

“Mwanena nokha kuti ndi Chichewa chabe,” anayankha a Longwe. “Mukuopa chiyani?”

Onse anawomba m'manja. A NyaManda okha sanawombe nawo. Anangotembenuka pang'ono n'kuyang'ana a Msiska, a Msiska n'kuyang'ana denga.

5

Sindinapempherepo kuti magetsi azime, koma Lolemba limenelo ndinapemphera. Magetsi amene amatithawa sabata iliyonse anaima nji. Makina amene amafa tikawafuna anadzuka ngati atsopano. Sharon anatumiza uthenga kuti msonkhano auwonjezera masiku.

Anabwera ngati akuperekeza mkwatibwi: a Longwe ndi tayi, a Gracious ndi ambulera, a NyaGondwe chifuwa chawo chitabwerera. Dokotala anali atalembanso pempho lojambula, atauzidwa ndi a Longwe kuti zija zinali kusamvana kwa zinenero. Ndinawauza onse kuti adikire panja, kupatula Wezi, amene anaima nane kuseri kwa galasi lotiteteza ku cheza. A Msiska sanakhale pansi. Ankangoyenda uku ndi uku m'khonde ngati ali ku matenite.

Ulendo uno chitseko ndinatseka. A NyaManda anagona pa tebulo osathandizidwa. Ndinafunsanso funso lija, motsitsa mawu. Anangoyang'ana kudenga.

“Anayankha kale Loweruka,” anatero Wezi. “Usayambirenso.”

Sanayankhe iwo Loweruka, anawayankhira a Msiska. Komabe ndinapitiriza ntchito. Ndinakokera makina pamwamba pawo n'kuyatsa kanyali kolozera. Kamtanda ka kuwala kanagwera m'munsi mwa mchombo, pamalo penipeni pamene sindinkafuna.

Ndikuuzeni zoona, owerenga. Mabuku athu amati chithunzi chimodzi nthawi zambiri sichivulaza mwana. Chiopsezo n'chochepa. Ndinadziuza zimenezi ndikubwerera kuseri kwa galasi. Chochepa. Mbali inayi kunali Wezi, holo yolipiridwa kale, mayi anga ku Balaka atasoketsa kale diresi.

“Dina tizipita,” ananong'ona Wezi.

Batani lathu limadinidwa kawiri. Ukadina theka, makina amayamba kulira kukonzekera, ndipo nyali yofiira pamwamba pa chitseko kunja imayaka. Ukamaliza kudina, cheza chimatuluka. Ndinadina theka. Makina analira. Chala chinafika pomwe chimamalizira tsiku lililonse osaganiza, koma tsiku limenelo chinakana. Chiopsezo chochepacho sichinali changa kuti ndichivomere, ndipo mwini wake sakanatha kufunsidwa.

Ndinachotsa chala.

“Sindijambula.”

“Hudson.” Wezi ananditembenukira. “Ukudziwa tanthauzo la zimenezi?”

“Ndikudziwa.”

Sanamalize kupukuta msozi woyamba. Chitseko chinatseguka ngati chamenyedwa ndi ng'ombe. A Msiska, ataona nyali yofiira ija, analowa akuthamanga, anatsomphola epuloni yolemera ya mtovu imene timakoleka pakhoma, n'kuiponya pamimba pa a NyaManda, iwonso n'kudzigwetsa pamwamba pake.

“Zimitsani! Osadina! Muli mwana wanga mmenemu!”

Kumbuyo kwawo pakhomo panali a Longwe, a Gracious, a NyaGondwe, ndi theka la mabenchi.

A NyaManda anawakankha pang'onopang'ono, anachotsa epuloni, n'kukhala tsonga. Anakonza duku.

“Percy, khala pansi usanagwenso. Wandigwetsa kale kamodzi pa njinga yako.”

Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo anayankhula Chichewa chosalala kuposa changa.

“Akweni, mkamwini wanga, ine Chichewa ndachiphunzitsa ku pulayimale inu musanayambe kumeta ndevu. Onsewa akudziwa, anangosankha kuiwala Loweruka chifukwa bodza linali lokoma. Funso lanu ndinalimva bwinobwino tsiku loyamba. Munandifunsa zoona, ndinakuyankhani zoona.”

“Amama!” analira Wezi. “Ndiye munagoneranji pamenepo?”

“Mwamuna wakoyu ndinamuona tsiku lija, thukuta lili chuchuchu pakhomo, koma funso anafunsabe. Ndinadziwa kuti sadina. Amene sindinkamudziwa ndi uyu.” Analoza a Msiska ndi chibwano. “Pa chinthu chimodzi sananame Loweruka. Ndinalidi kuyembekezera. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyembekezera kuti atsegule pakamwa ngati mwamuna. Wasankha kutsegulira pano, chabwino, yewo.”

A Longwe anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

“A Msiska, maulendo onse aja mumabwera kudzapempha akazi angati?”

“Zinangochitika, adada. Tinkakambirana za ana.”

“Taona kuti mumakambirana za ana!”

Nditayang'ana pakhomo, a NyaGondwe panalibe. Mpaka lero chifuwa chawo sindinachijambule.

6

Mphete inakhala m'shuga masiku angapo. Tiyi ndinkamwa wopanda shuga, kuopa kuisuntha. Tsiku lina madzulo Wezi anabwera, anaivuula ndi supuni, n'kuitsuka pa mpopi.

“Unkadziwa kuti ndi a Msiska?”

“Ndinkadziwa za chigongono chakumanzere ndi chiuno chakumanzere. Kuphatikiza ndinachedwa.”

“Ukanadina, bwenzi ndikukuda moyo wanga wonse, ukudziwa?”

“Koma ndiwe unati ndidine.”

“Ndiye uzimvera zilizonse?” Anaivala yekha. “Thenga watsopano akhale woti mkazi wake ali moyo, ndipo aziyenda naye.”

Kumpingo anawaimitsa onse awiri, a Msiska ndi a NyaManda, pa maudindo. A NyaGondwe analowa pa mpando umene ankaufuna kalekale, ndipo ulaliki wawo woyamba kwa amayi unali wodzudzula miseche. A Msiska anapeza thenga wawo, anakagwada kwa akulu, n'kumanga ukwati mwakachetechete wathu usanafike. Pa ukwati wathu apongozi anakhala kutsogolo, mimba ili poyera, ndipo palibe anatsokomola. Mwana anabadwa wamwamuna, dzina lake Chawanangwa. Ndi mlamu wanga, ndimamupatsa ulemu wake, ngakhale wandikodzerapo kangapo. Vuto latsala ndi lakuti eni nyumba anga tsopano ndi apongozi, ndipo a NyaManda anasamukira ku Zolozolo. Pabwalo pathu palibe mtengo wa gwafa, ndiye ndimanjuta pafupi ndi mpopi.

Owerenga anzanga, ena mwa inu mudzati wolakwa ndi a Msiska, ena a NyaManda, ena Chichewa. Ine ndaganiza nthawi yaitali ndipo sindinapeze woti ndimuponyere mwala. Anthu awiri oferedwa anapezana, anachita mantha ndi mabenchi, ndipo mabenchiwo ndi ife tomwe. Chimene ndinaona n'chakuti pabalaza lodzaza akuluakulu, tonse tinali okonzeka kuika mwana pansi pa makina kuti dzina la banja lituluke loyera pa chithunzi. Inenso chala changa chinafika theka. Za ulemu ndaphunzira kuti umene umakuimika pakhomo n'kukukuwitsa ndi wosathandiza. Masiku ano, kaya alowe ndani, ndimatseka chitseko, ndimayandikira, ndimafunsa motsitsa.

Mwezi wathawu dokotala ananditumizira mayi wina wodandaula msana. Anali Wezi. Sharon anali ku msonkhano. Ndinatseka chitseko, ndinakoka mpando, ndinakhala pafupi.

“Mayi, pepani, ndi lamulo la ntchito. Kodi ndinu oyembekezera?”

Anandiyang'ana ndi maso a mayi ake aja.

“Eya,” anatero. “Ndipo usakaitane a Msiska kuti adzamasulire. Sindikunena za basi.”